Sikuti thabwa lililonse lofiira ndi mlombwa

Ku Malawi kuno, kupanga choimbira ndi zinthu zotola si nkhani yachilendo. Ambirife tinakula tikuona banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake zili waya wa mabuleki a njinga. Babatoni wa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi chimtengo chachitali, waya mmodzi ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe basi, koma anthu avina naye mpaka ku Ulaya. Anyamata awiri a Madalitso Band nawonso ayenda maiko ndi babatoni wopanga okha.

Lero ndikufuna ndilankhule ndi amene akufuna kupitirira pamenepo. Ndikunena mnyamata kapena mtsikana amene waonera mavidiyo a amisiri pa YouTube mpaka bandulo kutha, ndipo tsopano akufuna kupanga gitala, kalimba kapena marimba zoti munthu atulutse ndalama n'kugula. Chopinga choyamba chomwe akumane nacho ndi thabwa.

Mitengo yolimba yomwe imalira bwino, monga mlombwa, mbawa ndi phingo, ikutha m'nkhalango zathu, ndipo yotsalayo ili pansi pa malamulo okhwima. Komatu mitengo yomweyo ili mbwee m'nyumba zakale: m'zitseko, m'mafelemu a mawindo, m'makabati a agogo, m'mabenchi othyoka a m'tchalitchi, m'mabedi omwe anaponyedwa kuseri kwa khitchini. Nyumba ikagumulidwa, zambiri mwa izi zimathera pamoto wophikira nyemba.

Vuto n'lakuti thabwa lakale silibwera ndi chiphaso. Lada, lapakidwa penti kangapo, ndipo wogulitsa aliyense amalumbira kuti ndi mlombwa weniweni. Mukagula mwachimbulimbuli mutha kutaya ndalama, kuononga miyezi ya ntchito, kupuma poizoni, ngakhalenso kupezeka m'manja mwa a zankhalango.

Thabwa lakale lili ndi chiyani?

Gitala yomwe Brian May wa gulu la Queen wakhala akuimba moyo wake wonse anayamba kuipanga ndi bambo ake, a Harold, mu 1963 ku England. Khosi la gitalayo linachokera ku thabwa la mahogany la pamalo owothera moto m'nyumba ina yakale, thabwa lomwe linali litapitirira zaka 100. Linali lofumbwa mwa apo ndi apo, ndipo mabowowo anawatseka ndi timitengo ta machesi. Gitala yomweyo ndi imene anaimba ali padenga la Buckingham Palace mu 2002.

Mu 1995, Bob Taylor wa kampani ya Taylor Guitars ku California anapanga gitala ndi matabwa a mapaleti otola kufakitale kwake, pofuna kuonetsa kuti dzanja la mmisiri lili ndi gawo lalikulu pa kamvekedwe ka choimbira. Koma onani bwino: anthu onsewa ankadziwa mtengo womwe agwira, ndipo anauika pamalo pomwe ukuyenera.

Ubwino waukulu wa thabwa lakale ndi kuuma. Thabwa limamwa chinyezi nthawi ya dzinja n'kufufuma, kenako limafota dzuwa la Okutobala likafika. Nkhope ya gitala imakhala yopyapyala, mamilimita atatu kapena osakwana, pomwe nsambo zachitsulo zisanu ndi imodzi zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70. Mukaika thabwa laliwisi pamenepo, likamauma limang'aluka, kapena khosi limapindika mpaka nsambo kutalikirana ndi zala. Kiyi ya marimba nayo imasintha mawu ikamauma. Thabwa lomwe lakhala m'chitseko zaka 50 linauma kalekale, ndipo ngati linali loti lipindike, linapindika kale, mukuliona ndi maso.

Chinanso, chiwalo chilichonse cha choimbira chimafuna khalidwe lakelake. Nkhope ya gitala imafuna thabwa lopepuka koma losapindika wamba. Msana, nthiti ndi khosi zimakonda mbawa, ndipo makampani akuluakulu a magitala amagwiritsa ntchito mitengo ya mtundu wa mbawa, yomwe asayansi amaitcha Khaya, m'malo mwa mahogany wa ku America. Pomwe zala zimakanikiza nsambo pamafunika cholimba zedi ngati phingo kapena tsanya. Makiyi a marimba amafuna mlombwa. Marimba a ku Zimbabwe omwe anakonzedwa pa Kwanongoma College ku Bulawayo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 makiyi ake ndi a mlombwa, womwe kumeneko amati mukwa. Mbira za Ashona ndi kalimba za Hugh Tracey za ku South Africa nazonso thupi lake ndi mtengo womwewo. Mukasokoneza mitengoyi, choimbira chimaoneka bwino pa Facebook koma pakhutu n'kumangoti phu phu.

Maso okha amanama

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa nkhani ya matabwa mwambiwu umagwira mbali zonse. Bulugamu wopakidwa mankhwala ofiiritsa ndi vanishi amanyezimira ngati mbawa. Mlombwa wokhala padzuwa ndi pamvula zaka zambiri umatuwa ngati nkhuni wamba. Pafupifupi mitengo yonse imada ikamakalamba, ndiye matabwa a mitundu inayi yosiyana atha kufanana ndendende kunjaku.

Choncho musanayambe kutsutsana za mtengo wogulira, pemphani kupala kachigawo kakang'ono, mbali yobisika, mpaka mufike pa thabwa loyera bwino. Wogulitsa wokana zimenezi wakuuzani kale kanthu.

Pamalo opalidwapo, mbawa imaoneka yofiirira motuwa, ndipo mukaitembenuza pakuwala imaonetsa mizere yomwe imasinthanasinthana, wina wowala wina wakuda. Mlombwa umakhala wabulauni wopita kugolide, nthawi zina wokhala ndi mizere yofiira kapena yakuda, ndipo kawirikawiri umakhala ndi timadontho toyera tating'ono. Mbali yake yakunja, ya kufupi ndi khungwa, ndi yoyera mwachikasu ndipo imasiyana ndi mtima wake moonekeratu. Msambamfumu ndi wofiirira ngati njerwa, wokhala ndi mizere yokhakhala. Phingo ndi wakuda bii, mwina wopita kupepo.

Izi zikupatseni poyambira chabe. Mtundu wa thabwa ndi mboni imodzi, ndipo mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi.

Sikelo ndi kakyuleta ya pafoni

Mboni yachiwiri ndi kulemera, ndipo iyi ndimaikonda chifukwa sifuna kukhulupirira munthu aliyense. Mukufunika rula, sikelo ya kukhitchini kapena ya pagolosale, ndi foni yanu.

Yezani kutalika, kufupika ndi kuchindikala kwa thabwa m'masentimita, ndipo muchulukitse manambala atatuwo. Thabwa la masentimita 50 m'litali, 10 m'lifupi ndi 2 kuchindikala limapereka 1,000, komwe ndi kukula kwa lita imodzi. Kenako liikeni pasikelo. Ngati thabwa lanu ndi la miyezo ina, gawani magalamu ndi nambala mwapezayo, n'kuchulukitsa ndi 1,000.

Pa thabwa louma la kukula kwa lita imodzi, paini amalemera magalamu a m'ma 450 mpaka 550. Mbawa imakhala cha m'ma 500 mpaka 600. Mlombwa umazungulira pa 600 mpaka 650. Msambamfumu umafika cha m'ma 800. Mukusi wa ku Zambia, womwe ena amautcha Zambezi teak, umayandikira 900. Tsanya amapitirira 1,000 ndipo phingo amapitirira 1,200.

Lita imodzi ya madzi imalemera magalamu 1,000. Apa ndiye pali mayeso osavuta kuposa onse: kachidutswa kouma ka phingo kapena tsanya kamamira mu ndowa ya madzi. Wina akakugulitsani thabwa lakuda n'kumati ndi phingo, dulani kachidutswa, ponyani m'madzi. Kakayandama, mwagula penti.

Komabe sikelo ili ndi malire ake. Mitengo ya mtundu umodzi imasiyana kulemera malinga ndi komwe inamera, ndipo misomali yobisika imaonjezera magalamu. Choopsa kwambiri n'chakuti bulugamu wina, makamaka wofiirira uja wokula msanga, amalemera mofanana ndi mbawa kapena mlombwa. Bulugamu amafota kwambiri, amapotoka ndiponso amang'aluka, ndiye ndi amene angakulizeni. Kuti mumugwire muyenera kuyang'ana kwina.

Nunkhizani, kenako yang'anani kumapeto

Pomwe mwapala paja, ikanipo mphuno nthawi yomweyo. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe ambiri timangoti sida, sungabisale. Fungo lake lonunkhira limatuluka ngakhale m'thabwa la zaka makumimakumi. Paini amanunkha utomoni. Mlombwa uli ndi kafungo kokoma kapansipansi ukamapalidwa. Mbawa ilibe fungo lenileni. Mukamva fungo la phula la pamsewu, siyani pomwepo, tifika pa nkhani imeneyo.

Mboni yodalirika kuposa zonse ili kumapeto kwa thabwa, pomwe macheka anadula mopingasa. Akatswiri a matabwa dziko lonse amayambira pamenepo. Mtengo uli moyo umakoka madzi kudzera m'timipope ting'onoting'ono, ndipo ukadulidwa timipopeti timaoneka ngati timabowo. Kukula kwa timabowoto, kuchuluka kwake ndi momwe tandandalikidwira zimasiyana mtundu ndi mtundu, ndipo penti kapena ukalamba sizisintha zimenezi.

Tengani lezala latsopano, mushenge kumapetoko kamalo kakang'ono ngati chikhadabo, kamodzi kokha mosalala. Sandipepa musagwiritse, amatseka timabowo ndi fumbi. Nyowetsani pang'ono ndi chala. Kenako yang'anani ndi galasi lokuza zinthu kakhumi, kapena jambulani ndi foni pafupi kwambiri panja powala, n'kukuza chithunzicho. Kuona maso a nkhono n'kudekha, musathamange.

Choyamba, kodi timabowo tilipo? Paini ndi mkungudza alibe timabowo totere, amangoonetsa mizere ya zaka. Izi zokha zimagwetsa bodza lililonse loti paini wofiiritsidwa ndi mbawa.

Ngati tilipo, onani kakhalidwe kake. Pa bulugamu timabowo timakhala patokhapatokha, koma tondondozana m'mizere yopendekera ngati mvula yowombedwa ndi mphepo. Pa mbawa timabowo ndi tokulirapo, tomwazikana mofanana paliponse, ndipo tina timakhala todzaza ndi utomoni wakuda mofiirira. Pa mlombwa timabowo ndi tochepa, tina tikulutikulu, ndipo pamakhala timizere totuwa tokhotakhota tomwe timalumikiza bowo ndi linzake. Pa msambamfumu bowo lililonse lazunguliridwa ndi kabwalo kotuwa kosongoka m'mbali ngati diso, ndipo tina timakhala ndi ufa wachikasu kapena woyera. Pa mukusi timabowo ndi tating'ono zedi komanso tambirimbiri, n'chifukwa chake thabwa lake limasalala. Pa phingo n'kovuta kutiona chifukwa tadzaza ndi zinthu zakuda.

Kuti muyerekeze, pa intaneti pali InsideWood, nkhokwe yaulere ya North Carolina State University, komanso The Wood Database. Kumeneko sakani ndi mayina a sayansi: mlombwa ndi Pterocarpus angolensis, mbawa ndi Khaya anthotheca, msambamfumu ndi Afzelia quanzensis, phingo ndi Dalbergia melanoxylon, tsanya ndi Colophospermum mopane, mukusi ndi Baikiaea plurijuga. Mayina amalonda amasokoneza. Mawu oti teak ndi mahogany amamatidwa pa mitengo yambiri yosachita n'chibale komwe, ndipo mlombwa womwewu ku South Africa amati kiaat, ku Mozambique umbila, ku Tanzania mninga.

Dziwaninso kuti galasi limakufikitsani pa banja la mtengo. Kusiyanitsa abale enieni, monga mlombwa ndi mukula omwe onse ndi Pterocarpus, nthawi zina kumafuna makina a mu labu. Koma kwa wopanga choimbira, kudziwa kuti ichi ndi Pterocarpus osati bulugamu ndi theka la ulendo.

Khutu ndiye limamaliza

Tsiku lina ndinakhala pa shedi ya akalipentala m'tauni mwathu, tikugogoda zidutswa za chitseko chimodzi chakale. Zonse zinali za mlombwa, zodulidwa mofanana. Zitatu zinalira ngwee, mawu n'kumapitirira kwa kanthawi. Chachinayi chinangoti phu. Bambo wina wachikulire pa shedipo anachitembenuza n'kundionetsa mng'alu wopyapyala ngati tsitsi womwe unabisala pansi pa penti. Dzina la mtengo linali lolondola, koma chidutswacho chinali cha nkhuni.

Kugogodaku kuli ndi kachitidwe kake. Thabwa likamalira limanjenjemera, koma pali malo awiri pomwe silisuntha. Malowa ali pa mtunda wa magawo 22 pa 100 a kutalika kwake kuchokera kumapeto kulikonse. Pa thabwa la masentimita 50, ndiye kuti pa masentimita 11. Ligwireni pamenepo ndi zala ziwiri mopepuka, lilendewere, ndipo mugogode pakati ndi mfundo ya chala. Mukaligwira pena paliponse mumalitsamwitsa, ndipo ngakhale thabwa labwino limamveka ngati lakufa.

Mukafuna kuwaona malowo ndi maso, gonekani thabwa pa zinthu zofewa, wazanipo mchere, n'kumagogoda pang'onopang'ono. Mcherewo umathawira pomwe thabwa silinjenjemera. Pamenepo ndi pomwe opanga marimba amaboola mabowo a chingwe. Akafuna kutsitsa mawu amasema kunsi chapakati, akafuna kuwakweza amadula pang'ono kumapeto. Pulogalamu iliyonse yotchunira gitala pafoni ikuuzani noti yomwe thabwa likupereka.

Nzeru imeneyi makolo athu anali nayo foni zisanabwere. Oimba valimba ku Chigwa cha Shire ndi oimba mangolongondo amasankha matabwa ndi khutu. Achopi a ku Mozambique amapanga timbila zawo ndi mtengo wa mwenje, ndipo makiyi ake amawaumitsa pamoto kuti alire bwino. Bungwe la UNESCO linalemekeza timbila mu 2005, chaka chomwechonso linalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza.

Matabwa ena ndi poizoni

Apa ndiye tcherani khutu, anzanga, chifukwa wopanga choimbira amakwecha thabwa maola ambiri nkhope ili pafupi, ndipo fumbi lonselo limalowa m'chifuwa.

Mitengo yoyala pansi pa njanji imakopa chifukwa ndi yochindikala komanso yolimba. Yambiri m'chigawo chino cha Africa inali ya mukusi, ndipo njanji ya kuchokera ku Livingstone kupita ku Mulobezi ku Zambia inamangidwa n'cholinga chotuta mitengo imeneyi. Koma mitengo yambiri ya njanji ndi mapolo a magetsi inathiridwa creosote, mafuta akuda onunkha phula, omwe akatswiri a khansa amawaika m'gulu la zinthu zomwe zingayambitse matendawa. Amayabwanso khungu, ndipo guluu sagwira bwino pa thabwa lamafuta otero. Komanso kuzula chilichonse panjanji ndi kuba, ngakhale sitima itasiya kudutsapo.

Thabwa looneka mobiriwira, makamaka paini kapena bulugamu wa mipanda ndi madenga, nthawi zambiri limakhala lothiridwa mankhwala a CCA, omwe muli arsenic. Musalikweche, musaliotche, ndipo phulusa lake lisayandikire dimba.

Mapaleti odutsa m'malire a maiko amakhala ndi chidindo. Mukaona zilembo HT ndiye kuti anangotenthedwa pofuna kupha tizilombo. Mukaona MB ndiye kuti anafukizidwa ndi methyl bromide, asiyeni. Paleti yothimbirira ndi zinthu zosadziwika nayonso isiyeni, simukudziwa chomwe inanyamula.

Penti wa zitseko zakale amatha kukhala ndi mtovu, womwe umaononga ubongo wa ana. Muchotseni pochita kupala atanyowetsedwa, panja, mutavala chotchinga pakamwa ndi mphuno, ana ali kutali. Musamuotche ndi moto. Ngakhale fumbi la phingo ndi mlombwa wosathiridwa chilichonse limayabwa anthu ena ndi kuwatsokomoletsa, ndiye chotchingacho chisachoke.

Za misomali, tengani maginito a sipika yakufa muyendetse pathabwa lonse musanaliike pa makina. Msomali umodzi wobisika umabenthula mpeni wa makina opalira, ndipo mwini makinawo sakusekererani. Za kufumbwa, gonekani thabwa pa pepala lakuda masiku angapo. Mukapeza ufa watsopano ndiye kuti tizilombo tikadali m'kati, lisalowe pomwe mumasunga matabwa ena.

Chakale chenicheni ndi chakale chabodza

Nkhani iyi ili ndi mbali ina yomwe imandidetsa nkhawa. Anthu akayamba kufuna matabwa akale, wodula mitengo mozemba amapeza chobisalira. Amacheka mlombwa wa dzulodzuloli, n'kuupaka matope ndi oyilo, n'kumati unachokera m'nyumba ya atsamunda.

Taona kale komwe dyera limatifikitsa. Mkungudza wa ku Mulanje unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lino mu 1984. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha paphiri lonselo. Mu 2016 anthu 35 anagwidwa akudula tsanya m'nkhalango ya Lengwe ku Chikwawa. Phingo, yemwe amapangira zitoliro za clarinet ndi oboe ku Ulaya, amatenga zaka 70 mpaka 100 kuti afike podulidwa.

Malamulo a dziko lonse akhwima. Pansi pa mgwirizano wa CITES, mitengo yonse ya Dalbergia, kuphatikizapo phingo, inayamba kufuna zilolezo podutsa m'malire mu Januwale 2017. Mu 2019 zoimbira zomalizidwa kale zinachotsedwa pa lamuloli, kupatula za Brazilian rosewood yemwe ali pa chiletso chokhwima kuyambira 1992. Chaka chomwecho cha 2019, dziko la Malawi ndi lomwe linapempha kuti mkungudza wa ku Mulanje ndi mukula zilowe pa mndandanda wa CITES, ndipo zinatheka. Mu 2022 ku Panama analowetsanso mitengo ya mu Africa ya Pterocarpus, Khaya ndi Afzelia, kutanthauza mlombwa, mbawa ndi msambamfumu. Kuno kwathu lamulo la zankhalango la 1997 linaunikidwanso ndipo zilango zinakwera kuyambira 2020.

Musaganize kuti izi zimagwira anthu ang'onoang'ono okha. Kampani ya magitala ya Gibson ku America inachitidwa chipikisheni mu 2009 ndi 2011 pa nkhani ya matabwa ochokera ku Madagascar ndi India, ndipo mu 2012 inavomera kulipira chindapusa cha madola 300,000.

Ndiye thabwa lakale lenileni mungalidziwe bwanji? Limakhala ndi mbiri pathupi pake. Mabowo a misomali amakhala ndi mkombero wakuda womwe walowerera m'kati, chifukwa chitsulo chochita dzimbiri chimadetsa thabwa pang'onopang'ono kwa zaka. Pamakhala mabowo a mahinjesi, malo olumikizira, ndi penti wosanjikizana mitundu ingapo. Ndipo silitsika kulemera. Liikeni pasikelo lero, mulembe, mulisunge m'nyumba, muliyezenso pakatha masabata awiri. Laliwisi limapepuka moonekeratu. Matope ndi oyilo sizingabise zimenezo.

Funsani komwe lachokera. Ngati n'kotheka, jambulani chitsekocho chikadali panyumbapo kapena kabatiyo isanaphwasulidwe, ndipo mwini wake akulembereni kakalata kokhala ndi tsiku. Madesiki a sukulu ndi mabenchi a tchalitchi ali ndi eni ake, gulani kudzera kwa akomiti, osati kwa munthu wobwera nawo usiku. Nyumba zotetezedwa ngati Mandala House ya mu 1882 ku Blantyre ndi chuma cha fuko, sizikhudzidwa. Ndipo musanatumize thabwa kapena choimbira kunja, makamaka chokhala ndi mkungudza, pitani mukafunse ku Dipatimenti ya Zankhalango ndi ku Dipatimenti ya Malo Osungira Nyama Zakutchire, yomwe imayang'anira za CITES. Safunsa anadya phula. Wogula wa ku London kapena Johannesburg adzafuna umboni, ndipo zithunzi zija ndi zomwe zidzakweze mtengo wa choimbira chanu.

Yambani ndi kabokosi

Langizo langa kwa woyamba kumene ndi ili: musanagule thabwa lalikulu, sonkhanitsani tizidutswa. Pitani kwa akalipentala achikulire a ku Ndirande, ku Mchesi kapena pa msika wa kwanuko, apatseni moni mwaulemu, ndipo muwapemphe zotsalira za mitengo yomwe akuidziwa motsimikiza. Lembani dzina pa kalikonse. Kashengeni kumapeto, kajambuleni, kayezeni pasikelo, kanunkhizeni, kagogodeni. Pakatha miyezi ingapo mudzakhala ndi chinthu chomwe intaneti singakupatseni, chifukwa mudzatha kuika thabwa lachilendo pambali pa lodziwika n'kuyerekeza ndi manja anu.

Abambo amenewa anagwira mlombwa ndi mbawa nthawi yomwe zinkapezeka paliponse, ndipo ambiri amazindikira mtengo pongounyamula. Akupita kuukalamba, ndipo ochepa mwa ife tikuwafunsa. Ife tili ndi kamera, kakyuleta ndi mayina a sayansi. Mutu umodzi susenza denga.

Matabwa akale nawonso adzatha, chifukwa zitseko za agogo zili ndi chiwerengero. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo mbande za mbawa zimapezeka m'manazale ambiri. Amene wapeza ndalama pa gitala ya mbawa adzaleko mbawa zingapo.

Pakadali pano, mukamva kuti kwinakwake akugumula nyumba yakale, fikaniko msanga osaka nkhuni asanafike. Tengani lezala, maginito, rula ndi foni yokhala ndi moto, ndipo mufunse kaye mwini nyumbayo.